Chipsera cha Alamu pa Tsamba Lachisanu

M'nyumba ya atelala munali mtendere. Bambo ankasoka pakhonde, mayi ankaphunzitsa pa sukulu ya mkaka, ndipo ana awo aakazi awiri anawalera mwa pemphero. Wamkulu anali namwino, ndipo ukwati wake ndi kalipentala wina unali utatsala miyezi itatu. Wamng'ono ankamutcha Kapensulo, poti pensulo sinkachoka kukhutu kwake.

Kapensulo ankakonda timabuku ta nkhani za zithunzi totchedwa manga, makamaka tokamba za moyo wa tsiku ndi tsiku. Nayenso anayamba kujambula nkhani yake n'kumaika pa foni kuti anthu aziwerenga. Koma sankatha kujambula chinthu chimene sanachione ndi maso ake. Kapu, chitseko, nkhope, zonse ankachita kuyang'anira, ndipo pakhomopo aliyense ankadziwa zimenezi.

Tsiku lina mnzake wogwira ntchito pa fotokope anavundukula masamba a nkhaniyo n'kuyasamula.

"Atsikana akowa ayera mtima ngati akwaya, asisi. Munthu wa m'nkhani amakula akalakwa. Mmodzi akonde mwamuna wa eni, uone mmene anthu akhamukire."

Kapensulo anati iye za chikondi chobisa sazidziwa, ndiye angazijambule bwanji. Mnzakeyo anamukumbutsa kuti ali ndi alamu ofatsa, nati kungowasekerera pang'ono kuti amve mmene mtima umagundira si tchimo, ndi kufufuza chabe.

Mawa lake Kapensulo anapita ku shedi ya kalipentala uja, amvekere akufuna kujambula macheka ndi hamala. Anapitanso mkuja. Ankati akabwerako amalemba m'kope mawu onse amene alamuwo anena, ndi mmene anayang'anira pansi iye atawagwira mkono.

Mayi ake anamuona akudzola mafuta onunkhira masana dzuwa likuswa mtengo.

"Mwanawe, macheka ndi omwewo, sasintha. Ukujambulanso chiyani kumeneko? Ameneyo ndi mwamuna wa mkulu wako."

Iye anayankha kuti achikulire sangamvetse za luso. Bambo nawo anamuletsa, koma iye anangosintha njira, n'kumatulukira kuseri.

Pasanathe mwezi anasiya kulemba m'kope muja. Chitseko cha shedi chinayamba kutsekedwa masana. Owerenga anachuluka, akumuyamikira kuti tsopano anthu a m'nkhani yake ali ndi magazi. Kapensulo ankawerenga mawuwo, n'kumajambulabe.

Lachinayi lina namwino uja anafika pakhomo nthawi yoweruka isanakwane, yunifolomu ili m'thupi. Mnzake wa kuntchito anali atamuonetsa gawo latsopano, akumuuza kuti nkhani ya mng'ono wake yafika potentha. Namwinoyo anaika foni pa tebulo la bambo, pambali pa diresi la ukwati lomwe ankasoka, naitana Kapensulo.

Pa tsamba lachisanu panali mwamuna atakhala pa bedi, wapereka msana. Nkhope inali yobisika. Namwino anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka panaoneka chipsera m'chiuno.

"Bala ili ndinalisoka ndine, macheka atamucheka. Lili pansi pa lamba, pamene munthu wovala sangaonetse." Analankhula motsitsa mawu. "Iwe sujambula chimene sunaone. Unaliona liti, mng'ono wanga?"

Bambo anachotsa phazi pa makina. Anatulutsa diresi lija pansi pa singano, n'kulipinda osayang'ana munthu.

Ukwati unathera pomwepo. Kalipentala anauza anthu kuti mtsikanayo ndiye ankamuthamangira, kenaka anatseka shedi n'kusamuka. Kapensulo anafufuta nkhani yonse, koma anthu anali atatumizirana kale, ndipo mumsewu ankalozerana. Mnzake wa pa fotokope anati iye ankangocheza.

Mayi ake amanena kuti mwanayo analira masiku ambiri, nalapa pamaso pa Mulungu ndi pa makolo ake, ndipo iwo anamulandira. Tikhulupirira kuti Ambuye anamumva. Koma namwino anapempha kuti amusamutsire ku chipatala chakutali, ndipo mpaka lero mng'ono wake akaimba, foni imangolira mpaka kuduka.

Achinyamata, tchimo silikhala laling'ono chifukwa mwalitcha kufufuza kapena luso. Musalawe choipa kuti mupeze chofotokoza. Chithunzi mungachifufute, koma m'bale amene mwamupweteka ndi munthu weniweni, ndipo kulapa kwanu sikum'bwezera chimene mwamulanda.