Dzina la Chancy pa Mndandanda

Nellie anakumana ndi Chancy pa siteji ya Mpingu, tsiku limene minibasi zonse zinkadutsa zitadzaza mpaka pakhomo. Mtsikanayo anali atakumbatira chikwama cha laputopu pachifuwa poopa fumbi la mu Okotobala.

"Achemwali, mukapitiriza kukumbatira chikwamacho chonchi, enafe tichita nsanje," anatero mnyamata wamtali amene anaima pambali pake.

Nellie anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera. Apa ndiye analakwitsa. Mnyamata wa pakamwa potsekemera sumusekerera pa siteji.

Mnyamatayo anati ndi Chancy Kalimbuka wa ku Kabudula, wophunzira za ulimi chaka chomaliza pa yunivesite ya mishoni yomwe inali chapafupi pomwepo. Nellie ankagwira ntchito komweko, mu ofesi yofalitsa nkhani. Chilichonse chotuluka pa webusaiti ndi pa tsamba la Fesibuku la yunivesiteyo, kaya tsiku lotsegulira sukulu, kaya mpira, kaya maliro a mphunzitsi, chinkadutsa m'zala zake.

Minibasi isanabwere, manambala anali atapatsana kale.

Kuyambira pamenepo foni ya Nellie inasowa tchuthi. "Duwa langa, wadzuka bwanji? Ine tulo ndilibe, wanditengera ndiwe." Masana wina unkalowa: "Wapamtima, ndawerenga chilengezo chako cha mayeso katatu. Ngakhale nkhani yoopsa, ukalemba iwe imakoma."

Lonjezo lalikulu linali limodzi, ndipo Nellie ankaliwerenga mobwereza ngati pemphero: "Ndikangovula gauni, mawa lakelo amalume anga akukagogoda kwa amalume ako ku Nambuma."

Pa Pasaka Chancy anamutengera kwawo. Mayi ake, aNambewe, mayi wamasiye wotsogolera kwaya ya mphakati wawo, anamugwira Nellie manja onse awiri osafuna kumusiya. Anamuonetsa munda wa mtedza umene unkaphunzitsa Chancy, nkumutcha mpongozi zinthu zisanapse nkomwe. Nellie anabwerera ndi nkhuku m'jumbo, mtima uli m'malo.

Ndiye linafika Lachitatu lija la mu Juni.

Chakumasana a Duncan, abwana ake, anamutumizira mndandanda wa ophunzira amene adzalandire madigiri Loweruka la sabata yotsatira.

"Uukonze bwino, Nellie. Ikamakwana 3 koloko ukhale uli pa webusaiti ndi pa Fesibuku. Makolo atopetsa kale ndi mafoni," anatero a Duncan akutuluka kupita ku msonkhano.

Nellie anatsegula mndandandawo akumwetulira. Anathamangira ku mayina a zaulimi, chala chikutsetsereka. Kalemba. Kalonga. Anabwerera m'mwamba. Kalemba, kenako Kalonga. Pakati pawo panalibe kanthu.

Anafufuza m'maphunziro ena onse, mwina analiponya kolakwika. Mayina mazana atatu, Kalimbuka mulibe.

Si zachilendo, anadzilimbitsa mtima. Chaka chatha mayina awiri anaiwalika ndipo anabwezeredwa.

Anatsikira ku ofesi yosunga mbiri za ophunzira. Mayi wa m'menemo anatayipa dzinalo, nkuvula magalasi.

"Ameneyu? Analephera mayeso kawiri ali chaka chachiwiri, anachotsedwa. Patha zaka ziwiri tsopano. Bwanji, ndi m'bale wanu?"

"Ayi, wina anangofunsa pa tsamba lathu," ananama Nellie.

Zaka ziwiri. Nanga mabuku amene ankayenda nawo m'manja? Nanga masiku aja ankati asamusokoneze, akuwerengera mayeso? Munthu ameneyu ankapita kuti m'mawa uliwonse?

Asanafike pa mpando wake, uthenga unalowa: "Switi, ndamva kuti mndandanda watuluka. Usauike kaye. Tikumane kuseri kwa laibulale, pompano."

Anamupeza ataima pansi pa mtengo wa keshya, atavala shati yoyera imene Nellie anamugulira pa tsiku lake lobadwa. Anatambasula manja kuti amukumbatire. Nellie anabwerera m'mbuyo.

"Dzina lako mulibe, Chancy."

"Ndikudziwa, duwa langa."

"Ukudziwa? Miyezi isanu ndi itatu ukundiyang'ana m'maso, ukudziwa?"

Chancy anagwada pa udzu wouma, misozi ili mbwembwembwe. Kulira ankakudziwa mnyamata ameneyu. Anati anachita mantha kuwauza mayi ake, tsiku linakhala sabata, sabata nkukhala zaka. Anati ankangokhala m'kachipinda ka lendi, nkumagwira maganyu otayipa pa msika.

"Amayi ali ndi BP, Nellie. Amayi a mphakati asoketsa kale zitenje zofanana, lole apeza kale. Akamva zimenezi agwa, sadzukanso. Ukufuna ukawaone m'chipatala ku Kabudula?"

"Ndiye ukufuna nditani ine?"

"Kanthu kakang'ono. Uike dzina langa pakati pa Kalemba ndi Kalonga. Likhalepo mphindi khumi zokha, ndijambule pa foni, nditumize kumudzi, iwe ulichotse. Tsiku la mwambo ndibwereka gauni, ndiwauza kuti muholo malo achepa, tijambulitsa panja. Palibe adzadziwe."

Nellie anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Chancy ankadziwa dzina la pamwamba ndi la pansi pomwe. Pulani yonse inali yophikaphika.

"Akandigwira ntchito yanga yatha. Tsamba lija anthu amalikhulupirira, Chancy. Ndikalemba kuti sukulu itsegulidwa Lolemba, makolo a ku Chiwamba amakweza ana matola osafunsa wina aliyense."

"Nanga ine? Sundikonda? Ndiwe mpweya wanga, Nellie. Chita ichi chokha, Ogasiti asanathe ndikuveka mphete."

Choopsa nchakuti Nellie ankamukondadi. Anaona nkhope ya aNambewe, anaona mphete, anaona mphindi khumi zomwe zimatha munthu akumwa tiyi. Anayang'ana nthawi pa foni. Inali itadutsa 2 koloko.

"Tiye tikawauze limodzi," anatero motsitsa mawu. "Ndipempha kuchoka msanga, tikwere njinga yamoto. Iwe ulankhule, ine ndiwagwira dzanja. Chaka chamawa ukhoza kuyambiranso kwina. Ine sindikusiya chifukwa cholephera mayeso."

"Sindikufuna uphungu, ndikufuna dzina pa mndandanda."

"Sindingathe."

Chancy anadzuka, nkusasa udzu m'mawondo. Misozi ija inauma msanga modabwitsa.

"Sungathe? Miyezi yonseyi ndataya pachabe? Ukuganiza kuti atsikana anatha pa Mpingu pano kuti ndizilimbana ndi iwe? Ndinafufuza kaye amene amagwira tsamba lija ndisanakupatse moni."

Atangomaliza anadziwa kuti lilime lamuthawa. "Bebi, sindimatanthauza choncho. Poyamba zinali choncho, koma kenako..."

Nellie sanadikire zakenakozo. Anatembenuka nkubwerera ku ofesi.

Anakhala pa kompyuta, maso ali psuu. Analemba mutu wa chilengezo, tsiku, malo, nthawi yofikira alendo, ndi kuti wophunzira aliyense abwere ndi anthu awiri okha muholo. Analakwitsa liwu loti "tikuwafunira zabwino" katatu. Foni inkangonjenjemera pa tebulo. "Wapamtima, ndikhululukire." "Moyo wa amayi uli m'manja mwako." "Ukaika choncho usadzandionenso."

Anaika kachizindikiro kolembera pakati pa Kalemba ndi Kalonga. Kanali kuphethira, kudikira. Zilembo khumi ndi zisanu zokha. Kodi mayi uja akagwadi, mlandu udzakhala wa yani?

A Duncan anasuzumira pakhomo. "Zatheka, Nellie?"

"Zatheka, bwana."

Anachotsa dzanja pa zilembo, nkutumiza mndandanda momwe unabwerera. Nthawi yomweyo ndemanga zinayamba kugwa ngati matalala. Ena ankathokoza Mulungu, ena ankaitana anzawo, ena ankagawa ku magulu a Watsapu. Nellie ankadziwa kuti ola lisanathe ukhala utafika ku Kabudula.

Sizinatenge ngakhale ola. Foni inalira, dzina la aNambewe lili pagalasi. Analingalira zoisiya, koma anayankha.

"Mpongozi, mwaswera?" Mawu awo anali a chimwemwe chosakanikira ndi nkhawa. Kumbuyo kunkamveka amayi akuyeserera nyimbo, ena akuwomba m'manja. "Kuno a katekisiti atiwerengera mayina onse pa foni yawo, kawiri konse. La mwana wanga sakuliona. Ndawauza kuti wolembayo ndi mpongozi wanga, mwina wangolidumpha ndi kutanganidwa. Mwalidumpha eti?"

Nellie anatseka maso. Bodza linali pafupi, lofewa, lokwanira kugula sabata imodzi.

"Sindinalidumphe, mayi. Khalani pansi kaye."

"Ndakhala kale. Nenani."

Anawauza zonse, pang'onopang'ono, kupatula mawu a pansi pa keshya aja. Amenewo anali ake yekha. Atamaliza anayang'ana foni kuopa kuti yaduka.

"Mayi, mulipo? Mankhwala anu muli nawo pafupi?"

"Ndilipo, mwana wanga. Sindigwa." Anapuma mozama. "Iweyo wadziwa liti?"

"Lero lomwe lino."

"Ndiye tapusitsidwa awiri. Ine ndinamubala, ndilira naye. Iwe usalire kwambiri, udakali mwana."

Apo mpamene misozi ya Nellie inayamba, yotentha, ikugwera pa tebulo. Anafuna kupepesa, koma aNambewe anali atachotsa kale foni kukhutu osaidula. Anawamva akuyenda, nyimbo ija ikuyandikira, kenako mawu awo akunjenjemera.

"Amayi, tasiyani kaye kuimba."