Chokoleti cha Pambuyo pa Eid

Tamer ndi Nermin anakumana pa maphunziro a Chingerezi, kukampani yoyankha mafoni m'dera la Maadi. Madamu Afaf, mphunzitsi wawo, analemba mawu awiri pabolodi.

"Mood ndi mmene wadzukira lero, mawa zatha," anatero. "Attitude ndi mmene umamuonera munthu, ndipo sizisintha msanga. Musamasokoneze."

Tamer anaweramira kwa Nermin, mtsikana amene anakhala pambali pake. "Ine zonse ziwiri zikuloza kwa iwe."

Nermin anaseka. Akanadziwa!

Mameseji a Tamer anayamba kuvumba. "Mwezi wanga, wafika bwino?" "Ramadan ikangotha ndibwera ndi amayi kwanu. Ndalumbira!"

Nermin anakhulupirira, mpaka anakana dokotala wa mano amene bambo ake anamupezera kuti akwatiwe naye.

"Ndidikira mpaka Eid," bambowo anatero. "Mnyamata wakoyo akapanda kugogoda pano, manyazi amenewa udzasenza wekha."

Ramadan itayamba, Tamer anazizira. Moni ankangoyankha ndi mutu. Mameseji ankawerenga osayankha.

"Ndakulakwira chiyani, mtima wanga?"

"Ndi kusalaku, Nermin. Popanda khofi ndi fodya mutu wanga sugwira. Zidutsa."

Mnzake wa Nermin, Dalia, sankabisa mawu. "Iwe, tonse tikusala. Bwanji ndi ena akuseka? Njala yakeyo imadziwa dzina lako lokha?"

"Ndi mood chabe."

"Madamu Afaf anataya nthawi yawo."

Eid inafika. Nermin anavala diresi yatsopano, amayi ake anayala makeke patebulo. Pakhomo anagogoda ana a aneba okha.

Atabwerera kuntchito, Nermin anapeza bokosi la chokoleti likuzungulira. Anatenga chimodzi n'kuponya m'kamwa.

"Tikusangalalira ndani?"

"Sunamve?" anatero mnyamata wonyamula bokosilo. "Tamer watomera msuweni wake! Akuti golide wa mkwatibwi anagula kalekale, Ramadan isanayambe."

Isanayambe? Nthawi ija ankamutchula mwezi wake?

Tamer anali pawindo, khofi m'manja, akuseka mpaka misozi. Munthu wadzuka bwino ndithu. Maso awo atakumana, anamuyang'ana Nermin monga ankamuyang'anira Ramadan yonse, ngati mpando wa mu ofesi.

Khofi anali atamwa, fodya atasuta. Panalibenso chonamizira.

Nermin anafuna kulavula chokoleticho, koma ofesi yonse inali kuwomba m'manja. Anameza.