Madzi a M'dzenje Lachitatu

Madzulo amenewo Amosi anali kunola khasu kuseri kwa nyumba, mkazi wake Alesi akumuchapira malaya amatope. Munali m'chaka cha 1928. Amosi, Mlomwe wochokera kutsidya kwa Ruo, ankadziwika pa esiteti ya tiyi ndi luso lopeza madzi pansi. Mzungu woyeza malo anali atamutuma kukumba maenje atatu m'munsi mwa phiri, kuti aone ngati nthakayo ingalimbe pomangapo nyumba za antchito, komanso ngati madzi ali pafupi.

"Malaya awa akununkha manda," anatero Alesi chapansipansi. "Mwakumba pati lero?"

"Pamunda wakale wa a Leah paja. Dzenje lachitatu."

A Leah anali mayi wamasiye amene anawasamutsa pamalopo mokakamiza. Tsopano ankakhala okha m'kanyumba kaudzu kumalire a tiyi.

Madzi a m'dzenjelo anali oyera mbee, koma ozizira mopweteka mano. Goodson, mnzake wokumba naye, anamwako masana. Patapita masiku awiri anamupeza atauma pamphasa, m'kamwa mutadzaza dothi lofiira, lonyowa. Mlonda wa zida anatsatira. Anthu anayamba kunong'onezana kuti dzuwa likamapendeka, m'dzenjemo mumamveka mtondo, ngati wina akusinja pansi pa madzi.

Alesi sanapondeko kudzenjeko ndi tsiku limodzi lomwe. Komabe anayamba kutsokomola matope, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Anamwalira Lachinayi m'mawa atagwira chala cha mwamuna wake.

Pochokera kumanda anthu analunjika kwa a Leah. Amene ananyamula muuni anali Amosi.

"Ine ndinangolira munda wanga, mwananga," anatero mayiwo. "Sindinaphe munthu."

Kanyumbako kanapsa. A Leah anathawa kulowera ku Thekerani, ndipo anawapeza atafera m'njira. Koma patatha sabata, wokumba wina anafanso, dothi lomwe lija lili m'kamwa. Amosi sanathenso kuyang'ana munthu m'maso.

Mzungu uja anamutuma kukayeza kuya kwa madzi a m'dzenje lija komaliza. Dzuwa lili paliwombo, Amosi anaponya chingwe. Chinachake chinachikoka pang'onopang'ono, monga achitira munthu wofuna kukudzutsa.

"Abambo," anamva mawu a Alesi, "kuno kukuzizira."

Anathamangira kwa kapitawo. "Muwauze abwana kuti malo ano ngoipa. Asamangepo."

Kapitawo anamasulira. Mzunguyo anaseka, nalemba m'buku lake kuti nthaka ndi yolimba ndipo madzi ngambiri.

Nyumba makumi anayi zinamangidwa, dzenje lija nkukhala chitsime cha onse. Amosi anapempha nyumba yoyandikana nacho. Anakalambira pomwepo, akupirikitsa ndi ndodo aliyense wobwera ndi mtsuko. Anthu ankamutcha wamisala, nkumatunga iye akatembenuka. Kwinako ankangokhala m'mphepete mwake, khutu atatchera pansi. Mawu a m'chitsimemo, amene poyamba anali a munthu mmodzi, chaka ndi chaka ankachuluka.