Botolo Lomwe Linameza Mawu a Timba

M'nyumba ya atelala phokoso linkayamba m'mawa. Pakhonde makina osokera ankalira, pabalaza wailesi inkalira, ndipo pamwamba pa zonsezi pankamveka kamawu ka mwana wawo wamkazi, kakuthwa ngati singano. Bambo akewo ndiwo anamupatsa dzina lakuti Timba, chifukwa kanali kamwana kochepa thupi koma kosadziwa kutseka pakamwa.

Linali banja labwino. Bambo ankasoka masuti ndi mayunifolomu a ana asukulu, mayi ankaphunzitsa kwaya ya ana kutchalitchi, ndipo mchimwene wake wa Timba ankaimba gitala ndi kupeka tinyimbo. Pakhomopo sankadya osapemphera, ndipo wonama ankachita manyazi yekha asanadzudzulidwe.

Timba akadali wamng'ono, mayi ake anapita naye ku mpikisano wa ana pa wailesi yakanema. Anavala diresi yomwe bambo ake analumikiza kuchokera ku zidutswa za nsalu zotsala. Maikolofoni inamutalikira, mpaka anamuimika pa bokosi. Anthu anaseka. Koma atatsegula pakamwa, kuseka kuja kunatha. Mawu anakwera, nakwerabe, kufika pomwe akuluakulu a kwaya amafika atatseka maso ndi kugwira m'chiuno. Oweruza anaimirira. Wojambula mmodzi anaiwala kamera yake n'kumaomba m'manja.

Kuyambira pamenepo Timba ankaoneka pa pulogalamu ya ana Loweruka lililonse. Akamayenda mumsewu, amayi ogulitsa masamba ankakodolana: "Si kamwana ka pa kanema kaja aka?" Makondakitala ankamusungira mpando wakutsogolo. Ngakhale makasitomala a bambo ake anachuluka, ena ongobwera kudzasoketsa batani kuti amuone.

Bambo ake ankanyadira, koma sankaiwala kumutsina khutu.

"Mwanawe, mawuwa wachita kubwerekedwa. Mwini wake ndi Mulungu. Chobwereka sasewera nacho."

"Ndamva, ababa," ankayankha Timba, uku akudziyang'ana pagalasi loyezera makasitomala.

Atamaliza sekondale, pakhomo panaima galimoto lalitali lakuda. Munatuluka mwini studiyo wina wotchuka, amene oimba ankamutchula kuti Magalasi, chifukwa sankavula magalasi akuda ngakhale m'nyumba. Anakana mpando, nayankhula ali chiimire.

"Achikulire, mwana uyu ndi golide, ndiye inu mwamukwirira m'zidutswa za nsalu. Ndipatseni ine. Chaka chisanathe dziko lonse lizivina nyimbo zake."

"Mawu anu akukoma," anatero atelala, "koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bwanji apitirize kaye maphunziro?"

"Ababa, mpaka liti ndiziimba nyimbo za ana?" anatero Timba, misozi ili m'maso. "Ndakula ine!"

Anakambirana mpaka makolo analola, koma pa mfundo imodzi: mchimwene wake apite naye, azimuimbira gitala ndi kumuyang'anira.

Mchimwene wakeyo anali ndi nyimbo yomwe anaipeka ataona bambo ake akusoka. Inkati: iwe ndiwe singano, ine ndine ulusi, komwe ulowere ndikutsata. Atayijambula mu studiyo, aliyense anadziwa kuti apa zatheka. Magalasi anaitanira Timba mu ofesi yake natseka chitseko.

"Nyimbo iyi tinena kuti wapeka ndi iwe."

"Koma ndi ya achimwene."

"Anthu amagula nkhope, mwana iwe, sagula woimba gitala wokhala kumbuyo. Ukufuna kukhala nyenyezi kapena mlongo wake wa munthu?"

Timba anayang'ana pansi. Mtima unamuuza zoona, koma pakamwa panati, "Chabwino."

Nyimboyo inawanda ngati moto wa m'chilimwe. Inkalira m'mabasi, m'masaluni, m'maukwati, m'mafoni a ana ndi a agogo omwe. Nkhope ya Timba inapachikidwa pa zikwangwani zazikulu za m'misewu. Tsiku lina pa wailesi anamufunsa kuti nzeru zopeka nyimbo yotere anazitenga kuti.

"Zinangondibwerera ndili ndekha," anayankha mosaphethira.

Mchimwene wake anamva zimenezi ali m'galimoto la oimba. Anamudikira pakhomo la studiyo.

"Mlongo wanga, zinakubwerera uli wekha? Ine ndinali kuti?"

"Achimwene, musandisokoneze. Popanda mawu anga, nyimbo yanuyo ikanathera pakhonde."

"Sindikufuna kutchuka ayi. Ndikufuna usanamize anthu."

"Ngati zikukupwetekani, oimba gitala ndi ambiri m'tauni muno."

Mchimwene wake analowa, natenga gitala lake, n'kubwerera kwa makolo.

Atachoka womuyang'anira, khomo la mavuto linatseguka. Pa chionetsero chake choyamba chachikulu, Timba anasuzumira pa katani naona anthu osawerengeka. Mantha anamugwira. Magalasi anatulutsa kabotolo m'thumba la jekete.

"Imwa pang'ono. Ndi mankhwala a mantha, komanso amatenthetsa mmero."

"Kwathu sitimwa mowa."

"Kwanu kuli siteji ngati iyi? Oimba onse akuluakulu amatero. Kakamodzi sikapha."

Anamwa. Unamuwotcha pakhosi, koma mantha anathawadi, ndipo anaimba anthu mpaka kukwera pa mipando. Pa chionetsero chotsatira anapempha yekha kabotolo kaja. Posakhalitsa ankamwa asanaimbe, akamaliza kuimba, ndiponso masiku omwe sankaimba n'komwe. Magalasi anamupatsa nyumba yosanja ndi galimoto, ndipo anzake omwera nawo anachuluka ngati ntchentche pa chilonda.

Mayi ake atamva mphekesera, anapita kukamuona. Anafika dzuwa lili pamutu n'kumupeza ali chigonere pa sofa, nsapato kuphazi, mabotolo ali mbwee pansi. Anatsegula mawindo namugwedeza.

"Mwanangu, ndi iwe amene? Ndinakuphunzitsa kupuma poimba, lero mpweya wako ukununkha chonchi?"

"Amayi, pano si pa kwaya ya ana. Moyo uno simungaumvetse."

"Ndikuumvetsa. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Tiye kunyumba ukapumeko."

"Mukundichititsa manyazi kwa alonda. Dalaivala akubwezeni."

Mayiwo anakana galimotolo. Anatsika masitepe akupukuta maso ndi mpango, nakakwera basi.

Sipanapite nthawi, mawu anayamba kusasa. Akati akwere pamwamba paja, ankaduka ngati ulusi wovunda. Dokotala atamuunika anamuuza mosabisa kuti m'mmero mwamera tizotupa, ndipo akapanda kusiya mowa ndi kupumitsa mawu, adzawataya. Timba anakafotokozera Magalasi.

"Kupuma? Matikiti a ku bwalo la masewero atha kale. Usadandaule, tili ndi mawu ako m'makina. Iwe uzingoyendetsa milomo ndi kuvina."

Tsikulo linafika. Bwalo linadzaza masanasana, ena atakwera pa mpanda. Timba anali atamwa kuposa masiku onse. Ng'oma zinagunda, mawu ake akale anatuluka m'zimkuzamawu, okoma ngati kale, iye akungoyasama. Pakati pa nyimbo ya singano ija anati atembenuke movina, phazi linakola chingwe. Anagwa chafufumimba. Maikolofoni inagubuduzika mpaka kugwera pansi pa siteji.

Koma nyimbo sinaleke. Mawu a Timba anapitiriza kukwera mokoma, mwini wake ali gone pansi, akulephera kudzuka.

Bwalo linati zii. Kenako munthu wina anakuwa: "Akutinamiza! Sakuimba uyu!" Mkuwo unafalikira ngati mphepo. Mabotolo apulasitiki anayamba kuuluka, mafoni onse ali m'mwamba kujambula. Alonda anamunyamula ngati thumba.

M'mawa mwake anapita ku studiyo. Anapeza Magalasi akumvetsera kamtsikana kena kakuyeserera kuimba.

"Bwana, ndithandizeni. Ndinu munandiuza kuti ndichite zimenezi."

"Ine ndinakuuza kuti ugwe? Siya makiyi a nyumba ndi a galimoto kwa mlonda, n'za kampani. Mbalame zoimba n'zambiri, mayi."

Anaimbira foni anzake omwera nawo aja. Palibe anayankha.

Anafika kwawo wapansi, kachikwama kali m'manja, mpango ataphimba kumaso. Bambo ake anali pakhonde, akupalasa makina. Timba anagwada pambali pawo.

"Ababa, ndachimwa. Ndachimwira Mulungu, ndachimwira inu, amayi ndi achimwene." Mawuwo anatuluka ngati msomali wokanda pa lata.

Makina anaima. Atelala anatembenukira kwa iye.

"Dzuka. Pakhomo pano sitinachotse mpando wako. Lowa, amayi ako sanagone tulo tabwino chichokereni iwe."

Mayi anamukumbatira osafunsa kanthu. Koma mchimwene wake anangomupatsa moni n'kutuluka. Timba anadziwa kuti kupepesa kwa m'nyumba sikukwanira, poti bodzalo analinena pagulu. Anapita ku wailesi komwe ananamira kuja napempha mphindi zochepa. Ndi mawu osasawo anauza dziko kuti nyimbo ya singano ndi ulusi anapeka ndi mchimwene wake, kuti iye anaiba, ndiponso kuti mowa unamugwira ukapolo. Potuluka anapeza mchimwene wakeyo ataima pachipata.

"Mawu ako akumveka ngati chule wa chimfine," anatero, akupukuta m'maso. "Tiye ku chipatala, mlongo wanga."

Anamuchita opaleshoni ya pakhosi, namuletsa kuyankhula kwa nthawi yaitali. Imeneyi ndiyo inali nkhondo yeniyeni. Thupi linkafuna mowa, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina anazemba mpaka kukafika pakhomo la bala. Anaima pamenepo, fungo likumukoka ngati chingwe. M'katimo wailesi inkaimba nyimbo yake, ndipo woledzera wina ankayeserera kugwa kwake kuja, anzake akufa ndi phwete. Timba anatembenuka nathamangira kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo ankapita ku gulu la anthu osiya mowa lomwe linkakumana kutchalitchi, ndipo masana ankasita masuti a bambo ake kuti manja asasowe chochita.

Dokotala atamulola kuimba, anayesa nyimbo ya singano. Pamwamba paja panalibe kanthu. Mawu anatsala anali otsika, okhuthala, okhala ndi kamchenga. Anakhala pansi nalira.

"Atha, achimwene. Timba uja wafa."

"Wafadi, ndipo sindikumulira," anatero mchimwene wake akupotokola makiyi a gitala. "Nyimboyi ndi yanga, ndiitsitsa itsate mawu ako. Tayambanso."

Anayambira pansi: m'maholo a sukulu, m'maukwati, pa misonkhano ya achinyamata. Kwina ankamuseka, kwina ankamumvera chisoni. Iye ankangoimba, mowa osaulawa. Mchimwene wake anapeka nyimbo zatsopano zoyenera mawu otsikawo, ndipo pang'onopang'ono anthu anayamba kufunsana kuti, "Mwamumva Timba masiku ano?"

Kenako anaitanidwa ku chionetsero cha oimba ambiri mu holo yaikulu ya mumzinda. Anamuika koyambirira, pomwe amaika osatchuka. Kuseri kwa katani mantha aja anabweranso. Anapempha kapu ya madzi, nagwira dzanja la mchimwene wake, napemphera mwachidule. Atatulukira, mnyamata wina anakuwa kumbuyo:

"Lero uimbe wekha, usatiikire makina!"

Anthu anaseka. Timba anamwetulira nagwira maikolofoni.

"Mwanena zoona, inu a kumbuyoko. Ndinakunamizani, ndipo ndikupepesa. Lero ndiimba ndekha. Ndikaphonya mumva ndi makutu anu."

Gitala linayamba lokha. Mawu aja anatuluka, otsika, olemera, ngati a munthu amene wayenda ulendo wautali ndipo akudziwa chomwe akunena. Kuseka kunazima. Pofika pakati pa nyimbo, amayi ena anali akupukuta misozi. Pofika kumapeto, holo yonse inali itaimirira, ikuimba naye, mpaka mawindo kunjenjemera. Atati atsike, anthu anakana. Anaimba yachiwiri, yachitatu, oimba otchuka omwe ankadikira nthawi yawo atatuluka kuseri n'kumaomba nawo m'manja. Wokuwa uja anakwera pa mpando akufuula kuti, "Wabwera! Timba wabwera!" Pa mzere wakutsogolo mayi ake ankalulutira, ndipo atelala, munthu wosavina chibadwire, anali akugwedeza mapewa.

Chimbale chomwe anatulutsa ndi mchimwene wake chinatchuka kuposa nyimbo yoyamba ija, ndipo anaimba m'mizinda yomwe kale ankangoimva. Mtolankhani wina atamufunsa kuti akumva bwanji kubwereranso pamwamba, anayankha kuti, "Ndikuthokoza Mulungu, koma musanamize ana kuti ndinabwerera ndi zonse. Pali nyimbo zomwe ndinkaimba ndili kamwana, lero sindingazifike mpaka kufa."

Tsono inu achinyamata, imvani. Luso limakweza munthu, koma khalidwe ndi lomwe limamusunga pamwambapo. Musatenge cha mnzanu n'kuchitcha chanu, ngakhale wina akuuzeni kuti aliyense amatero. Musakhulupirire wokuuzani kuti kakamodzi sikapha, chifukwa botolo silibweza zonse zomwe lameza. Timba anadzuka chifukwa analapa nthawi ikadalipo, ndipo anapeza khomo la kwawo lili lotsegula. Ambiri anagwa pa siteji yomweyo, ndipo nyimbo zawo zikulirabe pa wailesi, eni ake atakwiriridwa kalekale.