Buledi wa pa Msomali kwa Safarmo

Mukamva anthu akunena kuti Safarmo anagoneka mwamuna m'nyumba usiku woti mawa lake alengezedwa kuti ndi wamasiye, musathamangire kugwira pakamwa. Nkhaniyo siinayende choncho. Ine ndinaimva kwa Anzurat, ndipo nyumba ya Anzurat ndi ya Safarmo zimalekanitsidwa ndi kampanda kamiyala kofika m'chiuno. Zimene Anzurat sanaone, Safarmo anamuuza yekha akulira. Zina ndithu Anzurat anawonjezera, koma ndi pang'ono.

Kurbon, mwamuna wa Safarmo, anapita ku Russia kukagwira ntchito yomanga nyumba. Tsiku lonyamuka anachita monga amachitira aliyense wopita kutali. Analuma buledi kamodzi, mayi ake n'kumupachika buledi uja pa msomali m'chipinda chochezera, kuti mwini wake akadzabwera adzamalize. Zaka ziwiri ankaimba foni. Kenako zii. Ena ankati anagwa pa nyumba yosanja. Ena ankati anapeza mkazi wa kumeneko wogulitsa mowa, wonenepa kuposa Safarmo kawiri. Mayi ake a Kurbon anamwalira akuyang'ana msomali. Mwana mmodzi yekhayo wa Kurbon ndi Safarmo, Nigina, anakwatiwa kumzinda wa Dushanbe. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha, buledi ali pomwepo, atauma ngati mwala wa mumtsinje. Safarmo sanali mkazi wa munthu, sanalinso wamasiye.

Chimene chinkamudyetsa ndi azungu. Anthu amenewa ngodabwitsa. Amasiya kwawo kwa magetsi osazima n'kubwera kuno ku Tajikistan kudzavutika ndi njinga m'mapiri, ati chifukwa kuno sikufika anthu ambiri. Amalipira kuti adzamve zii, zii yemweyo amene amuna athu onse anamuthawa. Mzungu wina wamkazi mpaka analira kumtsinje, ati kukongola kwake n'koti kulibe munthu. Safarmo ankawagoneka m'chipinda cha alendo miyezi yotentha. Ndipo anali ndi kachizolowezi. Pothira tiyi ankawauza zonse za mumtima mwake m'chilankhulo chathu, podziwa kuti samva kanthu. Iwo n'kumangomwetulira, akujambula zithunzi.

Wowabweretsa anali Tohir, dalaivala wa galimoto yokalamba yobiriwira, bambo woferedwa mkazi. Akamadutsa pa geti la Safarmo ankaliza hutala kawiri, ngakhale alibe mlendo woti amutsitse. Mudzi wonse unkawerenga. Mapeto ake azilamu ake a Safarmo anavomera kuti zakwana. Anagwirizana kuti Lachisanu akachoka ku mzikiti abwere ndi Shehe, atsitse buledi uja, amupempherere Kurbon monga wakufa. Ikatha miyezi imene wamasiye amadikira asanakwatiwenso, Tohir alowe pa geti ndi miyendo, osati ndi hutala.

Ndiye linali Lachinayi madzulo, mu Novembala. Azungu anali atatha kalekale. Safarmo ankatsuka makapu pabwalo, Anzurat atatsamira pa mpanda.

"Amake Nigina, makapu onsewo akudzamwera Shehe, kapena uja wa pi-piii uja?"

"Choka apa iwe. Mbuzi zako zikudya zovala pa chingwe uko."

"Zidye. Ine ndikufunsa za diresi labuluu limene mwalitulutsa m'bokosi. Maliro ake ati ovalira labuluu?"

"Ndangoliyanika, linkanunkha chinyezi."

"Eya. Inunso mukuyanikidwa posachedwa."

Anaseka onse awiri. Anzurat analowa kukaphikira mwamuna wake. Safarmo anatsala yekha. Chipale chofewa chinali chitayamba kugwa pang'onopang'ono. Anakhomera ng'ombe, natenga ndowe zouma zosonkhera chitofu. Powongoka anaona munthu akutsika mumsewu wochokera ku mpata wa phiri.

Ankayenda wapansi, chikwama kumsana. Kumaso anali atakulunga mpango, m'maso magalasi akuda, ngati mmene amavalira a njinga aja pothawa mphepo. Safarmo anangoti mumtima, mzungu wina wopenga uyu, njinga yamuthera m'njira. Sanadziwe ngati ndi mwamuna kapena mkazi, poti iwowa amavala mofanana. Anaganiza zoitana Anzurat kuti adzagone naye. Koma anakumbukira pakamwa pa Anzurat, n'kusiya. Nanga mlendo pa chisanu chotere n'kumubweza?

Munthu uja analowa pa geti. Safarmo anamupatsa moni wachizungu umene anauphunzira kwa Tohir. Sanayankhe. Anangoika dzanja pachifuwa, n'kuwerama pang'ono. Anavula jombo pakhomo, nalowa, nakhala pansi pafupi ndi chitofu.

Magetsi anali atazima, monga mwa nthawi zonse. Safarmo anayatsa nyali. Anayala nsalu yodyerapo, naikapo buledi wa m'mawa womwewo, mabulosi ouma, ndi msuzi wa nyama umene anakonzera alendo a mawa. Mlendo safunsidwa dzina asanadye. Anathira tiyi, n'kuyamba kachizolowezi kake kaja.

"Imwani, bambo kapena mayi, kaya ndinu ndani. Mwabwera kudzaona kopanda anthu? Mwafika. Ndi pano. Inu mumakhala masiku awiri n'kumati ndi kokoma. Tadzakhalani miyezi isanu msewu utatsekeka, mukulankhula ndi ng'ombe."

Mlendo anagwira kapu ndi manja onse awiri, osavula magolovesi. Mpango sanautsitse.

"Koma ine ndatopa. Zaka khumi ndi ziwiri ndikudikira munthu. Mawa akutsitsa buledi wake. Ndikukwatiwa ine, mwamva? Ndi Tohir. Mphuno yake njaikulu, galimoto yake imafuna kukankha, koma akati ndibwera Lachiwiri amabwera Lachiwiri."

Anaseka yekha. 

Mlendo anali atatembenuza mutu. Pang'onopang'ono. Ankayang'ana pa msomali.

Safarmo sanaloze. Sanayang'aneko n'komwe. Ndipo msomali uja uli pakona, kuseri kwa mzati, pamene kuwala kwa nyali sikufika.

Apa m'pamene zinthu zinayamba kumubwerera chimodzichimodzi. Geti lake lija limavuta. Umayenera kulinyamula kaye n'kulimenya ndi phazi m'munsi. Mzungu aliyense amalimbana nalo mpaka Safarmo atatuluka kukamutsegulira. Uyu anangolowa. Felemu ya chitseko njaifupi, yatupitsa zipumi za azungu osawerengeka. Uyu anawerama osayang'ana n'komwe. Ndipo pa malo onse a m'chipindamo anasankha pakati pa chitofu ndi mzati, pamene Safarmo sakhazikapo mlendo.

Anamuyang'anitsitsa. Chitofu chinali chitafiira, koma chipale cha pamapewa ake sichinkasungunuka. Tiyi wa Safarmo ankafuka nthunzi. Wa mlendo anali atazizira kale. Ndiye panali fungo. Poyamba sanalizindikire. Silinali la thukuta kapena la mafuta onunkhira a azungu. Linali fungo la simenti yonyowa. Kumudzi kwathu kuno timamanga ndi miyala ndi dothi.

Dzina linamufika pakamwa. Linatsala kungotuluka. Koma Safarmo anauza Anzurat yekha, ndipo apa m'pamene analira kwambiri, kuti analimeza dala. Zaka zonsezo ankapempha Mulungu kuti angodziwa. Tsopano yankho linali litakhala pa nsalu yake, iye n'kuopa kufunsa. Chifukwa akanati "Kurbon," munthu uja n'kuyankha, ndiye kuti diresi labuluu libwerere m'bokosi.

"Mwatopa," anatero Safarmo. "Ndikuonetseni pogona."

Asananyamule nyali, mlendo anali ataimirira. Anatsogola mumdima, nakhotera kumanzere, natsegula chipinda cha alendo. Chipinda chimenecho kale chinali chogona Safarmo ndi Kurbon.

Safarmo anathawira m'kachipinda ka malemu apongozi ake, nakhoma chitseko, natsamiritsapo bokosi. Anakhala pansi osavula. Kunja kunali bata. Ngakhale mtsinje unkamveka ngati uli kutali.

Patapita nthawi anamva mapazi. Osathamanga. Anadutsa pa chitseko chake, nalowa m'chipinda chochezera. Anaima. Kenako kachingwe kanakhula pa msomali, kwee.

Kenako phokoso limodzi lokha. Khwa!

Ngati munthu waswa fupa ndi mano.

Kutafuna kunatenga nthawi yaitali. Safarmo anakwawira pa chitseko, naika pakamwa pa mng'alu.

"Abambo a Nigina," ananong'ona. "Ngati ndinu, ndiuzeni chinthu chimodzi chokha. Muli moyo?"

Kutafuna kunasiya.

"Sindikwiya. Ngati muli ndi mkazi uko, khalani naye. Ngati munafa, gonani. Koma ndiuzeni. Ndimasuleni."

Mapazi anabwera. Anaima kuseri kwa chitseko, pafupi kwambiri moti fungo la simenti linalowa pa mng'alu uja. Safarmo anadikira kumva kupuma kwa munthu. Sanakumve. Kaya ndi mtima wake umene unkagunda kwambiri, kaya panalibe chopuma, mpaka lero sadziwa. Kenako mapazi anachoka. Geti linalira, ponyamulidwa ndi pomenyedwa m'munsi.

Kutacha anatuluka. Matiresi a m'chipinda cha alendo anali opindidwa mmene anawasiyira mu Seputembala. Jombo panalibe. Pa nsalu, buledi watsopano, mabulosi ndi msuzi zinali zosakhudzidwa. Anapita pakona ndi chiyembekezo chimodzi, kuti mwina wamaliza, mwina msomali uli wokha.

Buledi anali pomwepo. Atapachikidwa bwinobwino, kachingwe katamangidwanso. Koma pambali pa pamene Kurbon analuma tsiku lonyamuka panali polumidwa pena. Patsopano.

Sanamalize. Analuma kamodzi n'kupachikanso, monga amachitira munthu amene akunyamuka ulendo woti adzabweranso.

Safarmo akanatha kumubisa. Anaganizadi zomuponya m'chitofu n'kunena kuti makoswe. Koma buledi satayidwa, sawotchedwa, ndipo manja ake anakana. Ali chiimire choncho, Anzurat analowa ndi mpeni wake wosendera kaloti.

"Amake Nigina, dzulo lija munalowetsa ndani? Ine ndinaona pa windo. Tohir sangadikire ngakhale tsiku lim..." Anaona pa msomali. Mpeni unagwa.

Pamene Shehe ndi azilamu ankafika masana, mudzi wonse unali utadziwa kale. Haidar, mkulu wake wa Kurbon, anatsitsa buledi uja, napita naye pa windo. Anaika chala polumidwa pakale, kenako patsopano. Ponse pawiri panali kamzere kotsalira pakati. Kurbon analibe dzino limodzi lakutsogolo, bulu anamuponda ali mnyamata, ndipo zimenezo aliyense wa msinkhu wathu amazidziwa.

"Ndi mng'ono wanga uyu," anatero Haidar. "Mlamu, mwamuna wanu anabwera inu osatiuza?"

"Alamu, sindinamuone nkhope. Sanalankhule."

"Alankhule chiyani, atapeza mukutsukira makapu mwamuna wina?"

Shehe anasisita ndevu. Ndi munthu wofatsa, ndipo anaoneka kuti zamuvuta.

"Mwana wanga, wakufa saluma buledi."

"Wamoyonso sangalume uyu, Shehe. Tayesani inuyo."

Haidar anagogoda ndi chogwirira cha mpeni. Kunamveka ngo, ngo, ngati wagogoda mwala. Anayesa kubenthula ndi nsonga, mpeni n'kuterera. 

"Sindidziwa kuti analowa muno ndani," anatero Shehe pomaliza. "Koma sindingapempherere monga wakufa munthu amene mano ake adya m'nyumba mwake dzulo. Mubwezereni pa msomali."

Safarmo anayang'ana pabwalo. Tohir anali ataima kunja kwa geti, chipewa m'manja, atavala jekete latsopano. Wina anapita kukamunong'oneza. Tohir anavala chipewa, nakwera galimoto yake. Tsiku limenelo inalira yokha, yosakankha.

Zonena zilipo zambiri. Ena amati Kurbon ali moyo, anabwera mobisa chifukwa cha manyazi obwera chimanjamanja, ndiye atamva za Tohir anaganiza zomukhaulitsa mkaziyo. Koma asilikali a pa mpata amati msewu unatsekeka ndi chipale kuyambira Lachiwiri, ndipo sipanadutse ngakhale galu. Ena amati ndi Haidar anachita, posafuna kuti munda wa mng'ono wake ulimidwe ndi dalaivala. Koma Haidar mano ake ndi anayi, ndipo nyama amachita kumupondera. Azimayi achikulire amati munthu amene anakwiriridwa kutali, popanda womusambitsa, sadziwa kuti anafa. Amangoona ngati akadali pa ulendo.

Safarmo akadali pomwepo. Miyezi yotentha azungu amabwerabe, Tohir n'kumawatsitsira pa mlatho kuti ayende okha. Safarmo amawathirira tiyi mwaulemu, koma masiku ano sawauza kanthu.

Anzurat, mwa khalidwe lake lija, tsiku lina anakayeza buledi uja ndi zala mwini nyumba ali kukhola. Akuti patsala malo oluma kasanu ndi katatu.