Funso Limene Hilario Sanaphunzitse

Esinala anakumana ndi Hilario pa doko la Nsanje, limene azungu ankalitcha Port Herald, chaka chimene thonje linachuluka mpaka kusowa poliyika. Mtsikanayu ankagulitsa nyika zophika, timizu ta maluwa a m'madzi, kwa anthu onyamula katundu. Hilario anali womasulira wa kampani ya sitima zapamadzi. Chisena cha kwawo, Chimang'anja, Chingelezi, zonse ankangozilakatula. Ndipo tisabise, pakamwa pa mnyamatayu panali pothira uchi.

"Who are you?" anafunsa Hilario akutola nyika m'lichero.

"Mukunditukwana kapena?"

"Ine kutukwana duwa la m'dambo? Who ndiye kuti ndani. Ndikufunsa dzina lako."

Esinala anaseka chobisa nkhope. Basitu, nsomba inali itameza mbedza.

Kuyambira pamenepo sukulu inatsegulidwa pansi pa mtengo wa masau, mphunzitsi mmodzi, wophunzira mmodzi.

"Ukamafunsa munthu umati who. Ukamafunsa mwini wa chinthu umati whose. Pa zinthu ndi ziweto umati which. Tayesa, njiwa yanga."

"You are the man which I love," anatero Esinala akuluma nsonga ya nsalu.

"Iwe! Ndasanduka bwato ine? Uziti the man whom I love. Munthu samutchula ngati katundu."

"Nanga whose heart is this?" anafunsa mtsikanayo atagwira pachifuwa pake.

"Wanga! Ndipo wangawu ndi wako. Madzi a Shire adzabwerera kumtunda ine ndisanakusiye."

Ndani sakadakhulupirira? Hilario anamuveka mkanda wofiira m'khosi. Anakaonekera kwa a Saulos, atsibweni ake a Esinala, nalonjeza chinthu chimene chinadabwitsa mudzi wonse: ngakhale kwawo mwamuna amatenga mkazi kupita naye kwa makolo ake, iye adzamanga pamudzi pa apongozi ngati mkamwini. Mitengo ya nyumba anali atazika kale. Chinkhoswe anachiika Loweruka.

Lachinayi sitima inafika kuchokera ku Chinde, doko la kumatsiriro a Zambezi. A Saulos anabwera padoko kudzaona mkamwini wawo ali pantchito, ndipo Esinala anaima pambali pawo, mtima uli m'mwamba chifukwa cha kunyada.

Kapitawo wa sitimayo, mzungu wofiira ndi dzuwa, anatsika atanyamula kamtsikana ka zaka ngati zinayi. Anakuwa m'Chingelezi, maso ali pa Hilario.

"Here is the man whose wife is lying sick on my boat!"

Esinala anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Whose wife? Mkazi wa ndani? Kapena makutu ake amunamiza?

"Akuti chiyani mzunguyu, mkamwini?" anafunsa a Saulos.

Hilario sanaphethire nkomwe.

"Akuti mlongo wanga wadwalira m'sitimamu, atsibweni. Kamwanaka ndi kamphwanga."

"Ogo! Pepani, mwana wanga. Thamangani mukamuone."

Anthu onse anagwedeza mitu mwachisoni. Padoko lonselo, mawu a mzungu ankadutsa pakamwa pa Hilario yekha, ndipo chimene iye wanena ndicho chinkakhala choona. Anaiwala chinthu chimodzi: mwana wasukulu wake anali pomwepo.

Esinala anayang'ana mzunguyo. Anali asanayankhulepo ndi mzungu chibadwire. Akhale chete, akwatiwe Loweruka? Kapena afunse, amve chimene mtima wake unkaopa? Anaika lichero pansi nayandikira kapitawoyo.

"Esinala, bwerera!" anatero Hilario ndi mawu otsika. "Uchita manyazi pagulu."

Iye sanacheuke.

"Whose child is this?" Mawuwo anatuluka bwinobwino, monga anawaphunzirira pansi pa masau.

Mzunguyo anatong'ola maso, kenaka analoza Hilario ndi chibwano. "His."

"Who is the woman?"

"His wife. Clotilda."

Mayo ine! Dziko linazungulira. Kamtsikana kaja kanatambasula timanja kulunjika kwa Hilario, ndipo poti mwana sadziwa kunama, kanaitana ndi mawu osafuna womasulira.

"Baba! Baba!"

A Saulos anayang'ana mwanayo, anayang'ana Hilario, pakamwa pali yasa. Mphuno imodzi, makutu amodzi!

"Mkamwini, mphwanu amakuitanani baba kwanuko?"

"Atsibweni, ndifotokoze. Njiwa yanga, tamvera, zinali zakale izi. Ndinkafuna kukuuza chinkhoswe chikatha."

"Musanditchule njiwa," anatero Esinala.

Anakwera m'sitimamo yekha, chikho cha madzi chili m'manja. Pakati pa matumba a mchere panagona mayi wowonda, thupi likutentha ndi malungo. Esinala anamudzutsa mutu namumwetsa.

"Takhuta," ananong'ona Clotilda, kuthokoza m'Chisena. "Mwamuna wanga mwamuona? Anati akamanga nyumba adzatitenga. Mvula yagwa kawiri tikudikira."

Apo ndi pamene Esinala anaona khosi la mayiyo. Mkanda wofiira, wofanana ndendende ndi wake!

"Anakulonjezani chiyani pokuvekani uwu?"

Clotilda anamwetulira mofooka. "Anati madzi a Zambezi adzabwerera kumtunda iye asanandisiye."

Ha! Munthuyu anangosintha mtsinje basi.

Misozi inatsika, yotentha, yosaletseka. Esinala anamukondadi Hilario, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti ngakhale nthawi imeneyo mtima wake unali usanaleke. Anavula mkanda wake, natsika nawo.

Hilario anali chiimire pamene anamusiya, mwana atamukolekera m'khosi.

"Esinala, ndiwe wekha amene ndimakukonda. You are the woman whom..."

"Chingelezi chanu n'cholondola, aphunzitsi. Sichinalakwepo." Anamuika mkandawo m'dzanja. "Munati munthu samutchula ngati katundu. Nanga mayi mwamusiya pa matumba a mchereyo ndi chiyani?"

Hilario anaweramitsa mutu.

"Munandiphunzitsa kufunsa ndani, kufunsa mwini, kufunsa chiti. Funso limodzi lokha simunandiphunzitse, ndiye ndifunsa m'chiyankhulo cha amayi anga." Anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. "Chifukwa chiyani, Hilario?"

Womasulira wa ziyankhulo zitatu anatsegula pakamwa. Anayesa Chimang'anja, sichinabwere. Chisena chinamuthawa. Chingelezi nacho chinakana.

Esinala anadikira pang'ono, kenaka anasenza lichero lake.

"Atsibweni, tiyeni. Mitengo anazika ija tikazule dzuwa lisanalowe."