Vinyo Wosasa wa a Gervazio

Mgolo woyamba unasasa maliro a Rose atangoikidwa kumene. A Gervazio, amuna a malemuwo, atalawa analavula. Vinyo amene dzana lake ankanunkhira bwino anali wosamweka. Iwo anali mkamwini kumtunda kwa Mtakataka, ndipo mphesa zonse za m'munda wa akazi awo anabzala okha, madzi akutunga panjinga chilimwe chonse, alamu awo akuwaseka kuti ulimi umenewo ndi wa azungu.

Tsono kwathu kuno mowa susasa wamba. Ukasasa, amati wofululayo ndi wotentha, wagona ndi mkazi. Ha! Munthu woti dothi la pamanda a mkazi wake silinaume n'komwe! Koma pamjigo nkhani inali yomweyo, ndipo amayi ankati akawaona n'kukhala chete.

Usiku kanyumba ka migolo kankamveka kubwata pang'onopang'ono, monga amachitira vinyo akamapsa. Koma mdima ukakhwima, agalu atasiya kuuwa, munkatuluka phokoso lina, lalitali, ngati munthu wotopa akuusa moyo: fuuu. Kenako zii. Kubwata konse leke. A Gervazio ankadzuka thukuta lili kamukamu, n'kupeza chitseko chili chokiya, zivundikiro zili m'malo. Patapita masiku, mgolo wina n'kusasa.

"Ndi mlongo wanga ameneyo, akudandaula," ananong'ona a Macdonald, mchimwene wa Rose, atawapatulira kuseri. "Mgolo wotsalawo ukasasanso, alamu, mulongedze muzipita kwanu. Sitingasunge munthu wovutitsa mzimu."

Zopsetsa mtima! Munthu yemwe sanathirirepo ndi mtengo umodzi womwe!

Usiku umenewo a Gervazio anadzikiyira mkati mwa kanyumba ka migolo, n'kubisala kuseri kwa matumba. Udzudzu unawadya, iwo osagwedezeka. Loko anatseguka mwakachetechete. Chinthu chofunda nsalu yoyera chinalowa, mapazi osamveka, chinaima pa mgolo wotsala uja. Chinamasula mphira womangira chivundikiro, n'kuchikweza kuti mpweya ulowe uwononge vinyo. Fuuu.

A Gervazio anachigwira dzanja. Linali lofunda, la munthu. Atayatsa foni, nkhope inali ya Eliza, mwana wawo woyamba, yemwe ankawabweretsera chakudya tsiku ndi tsiku chimwalirire amake. Kiyi wa amakewo anali naye m'manja.

"Eliza! Iwe?"

"Ababa, munda ndi wa amayi," anayankha motsitsa, osagwetsa ndi nkhope yomwe. "Amalume akuti inu mukadali pano, ine sindidzaulandira."

"Nanga dzina langa? Mudzi wonse ukunditenga wachigololo!"

"Kwanu kulibe amene wamva zimenezo. Mukapita zitha."

Anamusiya dzanja. Anavundikira mgolowo, n'kumanga mphira bwinobwino. Anakhala pansi mpaka kunacha, akuganiza zimene mudzi ungachite ndi mwana wosewera ndi mzimu wa amake. Akanamulavulira, ndipo munda womwewo a Macdonald akanautenga okha.

M'mawa akuchikazi anasonkhana pakhomo, a Macdonald patsogolo, Eliza ali pakati pa amayi. A Gervazio anatunga vinyoyo m'kapu. Anali wabwino kuposa aliyense amene anapangapo m'munda umenewo. Anamwa, n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Bwanji alamu?" anafunsa a Macdonald.

A Gervazio anakhuthulira pansi wotsalayo.

"Wasasa," anatero. "Ndipatseni njinga yanga."